Nkhungu ya ku Mzuzu ndi chithunzi cha azakhali

Lolemba

Ndafika ku Mzuzu dzuwa litapendeka, msana utauma gwa. Tinanyamuka mu Lilongwe m'mamawa, ndipo pa makilomita pafupifupi 350 onsewo kamera inali pamiyendo panga, nditaikulunga m'juzi ngati khanda. Ndi Canon yakale ndithu, ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndipo lenzi yake ndi imodzi yokha. Pakati pa sabata ndimawerengetsa ndalama za eni ake mu ofesi, kujambula ndimachita Loweruka ndi Lamulungu. Tchuthi cha sabata imodzi chino ndinachisungira kamerayi ndi azakhali anga a ku Chibavi, mu Mzuzu momwemu, amene ndinawaona komaliza pa maliro a bambo.

Pa Jenda basi itaima pa rodibuloko, amayi anatizinga ndi mabeseni a tomato, anyezi ndi kachewere, manja ali m'mwamba kulunjika mawindo. Ndinafuna kujambula manja amenewo, koma pomwe ndimamasula juzi n'kuti basi itanyamuka kale.

Chimene ndinkadikira kwenikweni ndi Chikangawa. Ndinadutsamo koyamba ndili ndi zaka 10, ndili ndi bambo, ndipo chomwe chinanditsalira m'mutu n'chakuti msewu unalowa mumdima masanasana: paini uku, paini uko, fungo la utomoni likulowa ngakhale mawindo ali otseka. Nkhalango imeneyi inabzalidwa ndi manja a anthu pamapiri a Viphya, inkakwana mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo inkatchulidwa pamodzi ndi nkhalango zobzala zikuluzikulu za mu Africa muno. Lero diso likumafika kutali kwambiri. Zitunda zambiri zili mbee, zitsa zakuda ndi moto, apo ndi apo timitengo tobzala kumene, milu ya matabwa m'mphepete mwa msewu. Penapake paini wamkulu akadalipo, ndipo basi ikalowamo mumamva kamphepo kozizira ndi kafungo kaja kwa kanthawi, kenaka kwayeranso. Mtima unandiwawa. Ndinajambula kudzera pawindo maulendo angapo, koma zonse zatuluka ngati zopakapaka chifukwa cha liwiro ndi fumbi la pagalasi. Chooneka bwino n'chimodzi chokha, thanthwe lija amati Elephant Rock, litakhala phee patali ngati njovu yogwada.

Msuweni wanga anandichingamira pa depoti. Tikulowa pabwalo, azakhali anatuluka m'khitchini chikombe chili m'manja.

“Wafika mwana wa achimwene! Koma kuonda kumeneku, ku Lilongwe kulibe ufa?”

Nsima inali ya usipa wa ku Nkhata Bay ndi chigwada chotendera. Andipatsa mabulangete awiri, ati ndisachite nazo manyazi.

Lachiwiri

Juni wa kuno ndinaumva bwino cha m'ma 5 koloko m'mawa, nditangotulutsa phazi m'bulangete. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo nkhungu imagona m'madambo usiku wonse. Nditatuluka panja, ngakhale nyumba ya aneba sinkaoneka. Kumangomveka tambala ndi belu la njinga penapake m'kati mwa zoyerazo.

Kamera imapusitsidwa ndi nkhungu. Ikaona kuti paliponse payera, imayesa kuti kuwala kwachuluka, ndiye imachepetsa yokha, ndipo nkhungu yoyera ngati ufa imatuluka yotuwa ngati phulusa. Ndinakweza exposure, muyeso wa kuwala kumene kamera imalowetsa, kufika pa +1, apo m'pamene inayamba kufanana ndi zimene maso anga ankaona. ISO, imene imathandiza kamera kuona pamene kuwala kwachepa, ndinaika pa 800 poti dzuwa linali lisanatuluke. Vuto lina n'chinyezi. Timadontho timadzaza pa lenzi osadziwa, ndipo pamafunika kansalu kofewa ka magalasi, chifukwa nsonga ya malaya imakanda.

Ndinaima pamphambano pafupifupi ola lathunthu. Njinga zonyamula anthu, zimene kwathu timati kabaza, kuno amazitcha sakaramento, ndipo eni ake amazikongoletsa mosaumira: khushoni yamaluwamaluwa, magalasi awiri oonera kumbuyo, mabelu, mawu olembedwa kumadigadi. Njinga zamoto zachuluka masiku ano, komabe zopalasazi zikadalipo zambiri. M'nkhungu zimatulukira mwakachetechete, poyamba kamthunzi chabe, kenaka munthu wathunthu atanyamula mayi wa beseni pamiyendo, kenaka zamezedwanso. Ndinajambula mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo ndinkadziwa mumtima kuti ndapeza zinthu zokongola.

Dzuwa litakwera ndinalowera m'tauni, ndinazungulira pa raundabauti ya wotchi ija, n'kukamwa khofi kuti nditenthedwe. Khofi wotchuka ndi dzina la Mzuzuyu salimidwa m'tauni muno. Amachokera kwa alimi ang'onoang'ono a m'mapiri, monga ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi kumtunda kwa Nkhata Bay. Ndi wowawa bwino, wonunkhira, ndipo ndagula paketi yopita nayo kunyumba.

Madzulo tikuotha mbaula, azakhali anavala magalasi awo.

“Bwera nazo ndione zimene wagwira.”

Ndinawasonyeza pobonya. Anayang'ana chimodzichimodzi, osathamanga.

“Uyu ndani?”

“Sindikumudziwa, azakhali.”

“Nanga mayi uyu?”

“Nayenso ayi. Amangodutsa.”

Anapitiriza mpaka kumapeto, kenaka anandibwezera kamera ndi manja awiri.

“N'zokongola mwanawe. Koma onsewa wawajambula kumsana. Wawaba eti?”

Sanakalipe, anangofunsa monga momwe amafunsira ngati ndakhuta. Ndabwerezanso kuziona ndili pabedi. Pa zithunzi zoposa 100, palibe ngakhale chimodzi chimene munthu akundiyang'ana.

Lachitatu

Ndinapita kumsika waukulu nditatsimikiza kuti lero ndipempha. Ndinayambira kwa mayi wina wachikulire wogulitsa ufa wa kondowole, atakhala kuseri kwa mabeseni oyera mbuu, kuwala kukuwagwera bwino kuchokera pampata wa malata. Ndinayesa Chitumbuka chimene msuweni anandiphunzitsa usiku.

“Monire mama. Muli uli?”

“Nili makora, kwali imwe?”

Anamwetulira. Koma nditangoloza kamera n'kupempha, nkhope inasintha. Anakweza dzanja, nayankhula mawu ambiri mofulumira, moti ndinangotolapo awiri kapena atatu. Mayi wa tomato woyandikana nawo ndiye anandimasulira, m'Chichewa cha kwathu kwenikweni. Ndi wa ku Dedza, anakwatiwa kuno.

“Akuti mupita nazo kuti? Anthu amabwera pano, kutijambula, basi osaonekanso. Mawa mwana wako akuuza kuti amayi muli pa Facebook, kapena uli papepala la opempha thandizo ngati ndiwe wosowa pogwira. Ife pano tili pantchito, achimwene. Ana tikuphunzitsa ndi mabeseni omwewa.”

Ndinalibe choyankha, chifukwa zithunzi za dzulo zija ndinali nditaganiza kale zoziika pa Facebook. Ndinalowetsa kamera m'chikwama, n'kugula mulu wa tomato, ndipo mayiwo anandikankhira kreti kuti ndikhalepo. Tinacheza za kwawo, za kuzizira kwa ku Dedza ndi kwa kuno kuti kopambana n'kuti, za mtengo wa thiransipoti umene ukudya phindu lonse. Amadzuka 4 koloko kukapikula, ndipo tomato akafewa amamugulitsa motaya madzulo kusiyana n'kuti aole. Ndinaona momwe amapangira mulu: atatu pansi, mmodzi pamwamba, wowala kwambiri kuyang'ana kwa wogula, ndipo kasitomala akadandaula amamuponyera kamodzi ka basera osasiya kucheza ndi ine. Zonsezi dzulo sindikanaziona, ndinali kutali ndi lenzi yanga.

Patapita ola ndi theka anati, “Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tulutsani chinthu chanucho mundijambule ineyo. Koma ndiyambe ndamanga bwino duku. Ndipo chithunzicho ndidzachione papepala, zapagalasi lanulo ine ayi.”

Anavula epuloni, anapukuta kumaso, anakonzanso milu yonse kuti ikhale pamzere. Pansi pa malata panali mdima, ndiye ndinawapempha kuti asendere pang'ono kumene kuwala kumalowera cham'mbali. Kabowo ka lenzi kolowera kuwala ndinakaika pa f/5.6, n'kulunjika diso lawo. Anaima njo, manja atagwirana kutsogolo, nkhope ili duu ngati pa chitupa. Ndinajambula katatu. Kenaka mnzawo wina anawaseka kuti akhala ngati mkwatibwi, iwo n'kuphulika nako kuseka, mutu utagwera kumbuyo, ndipo ndinabonyanso.

Kwa ine chokongola chinali chosekacho. Iwo anachikana.

“Ichi mano onse ali pamtunda. Munditsukire choima bwinocho.”

Kuyambira pamene ndinayamba kujambula, ndakhala ndikukhulupirira kuti chithunzi chenicheni n'chimene munthu sakudziwa kuti akujambulidwa, ndipo kuti zoimira kamera n'zachiphamaso. Lero ndayamba kukayika. Duku lomangidwanso lija, milu ya pamzere ija, ndi momwe mayiwa akufuna kuti adzukulu awo adzawaonere. Ndine yani kuti ndiwauze kuti iwo enieni ndi enawo?

Pobwerera ndinadzera ku Taifa, kumene zitenje za ku Tanzania zapachikidwa mpaka kudenga, ndipo ndagulira azakhali chimodzi chobiriwira. Kamera sinatulukenso m'chikwama.

Lachinayi

Chiperoni kuyambira m'bandakucha, kamvula kosamveka padenga koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Magetsi anazima cha m'ma 7, batire ya kamera ili ndi kamzere kamodzi. Sindinapite kulikonse.

Titamwa tiyi ndi chinangwa chophika, azakhali analowa kuchipinda n'kutuluka ndi sutikesi yakale ya malata, yoti loko wake anafa kalekale ndipo amaimanga ndi chingwe. M'kati munali makadi a kusikelo a ana onse, kalata za ukwati, ndi envulopu yakhaki yodzaza zithunzi.

Iwo anabwera kuno ali mtsikana, kutsatira amuna awo, telala wochokera kwathu ku Dowa. Akuti nthawi imeneyo Mzuzu unali usanatchedwe n'komwe mzinda, zimenezo zinachitika mu 1985 iwo ali ndi ana awiri. Akuluakulu amene anawapeza ankasimba za esiteti ya mitengo ya tung, ya mafuta opangira penti ndi vanishi, imene inayambika mu 1947, kuti ndiyo inakoka anthu kudzamanga pamalo pano. Pa kalembera wa 2018 anthu anapitirira 220,000. “Apa ponse panali dambo,” anatero akuloza kunja ndi chibwano. “Achule okhaokha.”

Zithunzi zambiri zinajambulidwa ndi munthu mmodzi amene ankayenda panjinga Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi, kamera ili m'khosi. Unkapereka theka la ndalama, n'kudikira masabata awiri kapena atatu kuti filimu idzaze ndi kukatsukidwa. Nthawi zina ankabwera n'kunena kuti zapsa, ndiye kunali kuvalanso zovala zomwe zija n'kuimanso pamalo omwe aja. Palibe ankataya mwayi wotero ndi kuseka. Aliyense waima chilili, wayang'ana kutsogolo, nsapato zopolisha.

Kenaka anandipatsira china osanena kanthu. Mnyamata wowonda, jekete yomukulira m'mapewa, wanyamula wailesi ya makaseti m'khwapa, waima kutsogolo kwa mpanda wa maluwa. Ndinazindikira makutu ndisanazindikire nkhope. Anali bambo anga, asanakwatire. Chithunzi chimenechi ndinali ndisanachionepo chibadwire.

“Jeketeyo inali ya kasitomala wa amuna anga, inabwera kudzapinditsa. Wailesiyo ya aneba. Anatsukitsa ziwiri, china anatumiza kumudzi kwa amako kuti aone kuti ku Mzuzu kuli mnyamata.”

Ndinakhala nacho m'manja nthawi yaitali. Jekete yobwereka, wailesi yobwereka, koma kayang'anidwe kaja n'ka bambo anga ndendende, momwe ankandiyang'anira ndikabwera ndi lipoti la kusukulu. Misozi inalengeza, ndipo azakhali anapita kukasonkhezera mbaula kuti ndikhale ndekha.

Msuweni atabwera kuntchito tinakangana pang'ono za mapepala ndi mafoni. Iye foni yake inabedwa m'minibasi, ndipo zithunzi zonse za mwana wake woyamba, kuyambira tsiku lotuluka kuchipatala, zinapita nayo. Komabe akuti pepala nalo silodalirika, n'kundikumbutsa za laibulale ya pa yunivesite ya Mzuzu imene inapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Azakhali anangomvetsera, kenaka anati mvula ya mu Epulo 2016, imene inagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno, italowetsa madzi m'nyumba, chinthu choyamba chimene anakweza pamwamba pa kabati chinali sutikesi imeneyi, ufa pambuyo.

Tikubwezera zithunzi mu envulopu ndinazindikira kanthu kena. Azakhali amapezeka pa zithunzi zambiri, pa maukwati, pa zinkhoswe, pa ubatizo, koma nthawi zonse ali kumapeto kwa mzere, mwana ali m'manja, pena phewa lokha. Chawochawo, ali okha, palibe.

Lachisanu

Ndinakonza zoti lero nditsetserekere ku Nkhata Bay, makilomita osakwana 50 kuchokera pano, ndikajambule nyanja. Ndasiya. Nyanja idzandidikira.

Magetsi anayaka usiku, batire yadzaza. M'mawa ndinapita pa situdiyo ina m'tauni kukatsukitsa zithunzi ziwiri, choima bwino chija ndi chosekacho, ndipo ndinagula kafulemu kotchipa ka choyambacho. Mayi a tomato anandionera patali.

“Ii, mwabweradi?”

Anapukuta manja pa epuloni kawiri asanachigwire. Chinayenda benchi lonse, kwa a anyezi, kwa a nyemba, kwa a usipa, aliyense ndi ndemanga yake. Chosekacho ndinawapatsa chili mu envulopu, n'kunena kuti achite nacho chimene akufuna. Anasuzumiramo, anaseka, nachilowetsa m'kachikwama ka ndalama ka m'chiuno.

Ndikutsanzika, mayi a kondowole aja anandikodola. Anayankhula ndi mnzawoyo, iye n'kundiuza kuti, “Akuti mawa abwera ndi chitenje chabwino. Mudzawajambule ndi mdzukulu wawo.” Ndinayankha kuti yewo chomene, ndipo anandikonza katchulidwe mpaka ndinakhoza.

Madzulo kunayera, ndipo ndinayenda ndi msuweni kulowera chakum'mawa, kumene nkhalango ya Kaning'ina imayambira ndi kumene kuli damu la Lunyangwa lomwetsa mzindawu. Dzuwa la 5 koloko linapaka chikasu pamalata onse a m'munsi, utsi wa mbaula ukukwera mowongoka. Ndajambula zitatu zokha.

Loweruka

Kumsika ndinapita 8 koloko monga tinapanganirana. Agogo ndi mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka ngati zisanu kovala diresi ya Khirisimasi, anajambulidwa atakhala kutsogolo kwa mabeseni. Ndinathamangira kukatsukitsa, ndipo pofika 11 chinali m'manja mwawo.

Za azakhali ndinazitchula dzulo usiku, iwo n'kukana. “Nkhalamba ngati ine, ujambulapo chiyani?” Koma nditabwera kuchokera kumsika ndinapeza asita kale yunifolomu yawo ya amayi a kutchalitchi, bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Kwathu ku Sinodi ya Nkhoma gulu limeneli amati Chigwirizano, kuno ku Sinodi ya Livingstonia ndi Umanyano, ndipo iwo akhalamo zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala ndi moyo. Anatuma msuweni ndi mnzake kuti atulutse makina osokera a malemu amuna awo, Singer yopalasa ndi phazi, imene mpaka lero amaipaka mafuta ngakhale maso awo salolanso kulowetsa ulusi pa singano.

Dzuwa linali pamutu, ndipo zovala zoyera padzuwa lotero zimawala mpaka nkhope kuda bii. Ndinawapempha kuti tikhale pakhonde, pamthunzi, kumene kuwala kumabwera kofewa kuchokera pabwalo. Anakana mbali imene ndinasankha, ati chitseko chioneke, chifukwa anachigula ndi ndalama zawo za mandasi. Tinasuntha makina. Anakhala pampando, dzanja limodzi pa gudumu la makinawo, lina pa Baibulo, msana uli chilili.

“Ndiseke?”

“Mmene mukufunira, azakhali.”

Sanaseke. Anandiyang'ana m'lenzi mwenimweni, osaphethira, ndipo ndinaona makwinya a m'mbali mwa maso, kachipsera ka pachibwano kamene bambo ankati kanabwera ndi nthambi ya mango ali ana, ndi makutu omwe aja a m'chithunzi cha jekete. Manja anga ananjenjemera pang'ono, ndiye ndinatsamira chipilala cha khonde n'kugwira mpweya ndisanabonye. Kenaka anasintha, navala chitenje chobiriwira cha ku Taifa, n'kuitana adzukulu onse, ndipo pamenepo m'pamene phokoso linayamba.

Situdiyo ndinaipeza atatsala pang'ono kutseka. Ndatsukitsa chachikulu, cha pakhoma.

Chithunzi cha bambo anandikaniza kupita nacho. “Chimenechi chimagona muno. Chijambule ndi makina akowo.” Ndinachiika pa tebulo pafupi ndi windo, ndinazimitsa fulashi kuti isawalire papepala, n'kuchijambula kasanu mpaka jekete ndi wailesi zinaoneka bwinobwino.

Lamulungu

Basi inyamuka 7 koloko, ndipo nkhungu yabweranso. Ndikulemba zino pa depoti, chikwama chodzaza ufa wa kondowole, usipa ndi khofi chili pakati pa miyendo.

Tisanatuluke m'nyumba, azakhali anachotsa chithunzi chawo mu fulemu, anachitembenuza, nandipatsa cholembera.

“Lemba kumbuyoku. Dzina langa lonse, ndi la kwa atate anga lomwe, asadzaiwale kuti ndine wa ku Dowa. Ulembenso kuti Chibavi, mwezi wa Juni.”

Ndinalemba. Anawerenga ndi magalasi awo, chala chikutsata chilembo chilichonse.

“Pansipa ulembe amene wajambula.”